Nkhumba ili ndi mwini, nanga njovu?

M'malamulo a Zambia muli liwu lachingerezi lakuti nuisance, lomwe apolisi a kanso amalikonda kwambiri. M'chinenero chathu tingoti chinthu chovutitsa anthu ambiri pa malo amene tonse tili nawo gawo, monga msewu, msika, chitsime, ngakhale mpweya umene tikupuma. Mwa amene mukuwerenga pano, ena analandidwapo tomato kapena salaula chifukwa cha liwu limeneli, ena analipirapo faindi atagwidwa akukodza kuseri kwa shopu. Koma ndi ochepa amene anaonapo pamene linalembedwa.

Linalembedwa m'malo atatu, ndipo awiri mwa malowa ndi akale kuposa dziko la Zambia. Oyamba ndi Penal Code, buku la milandu limene linayamba kugwira ntchito mu 1931, dziko lino likadali Northern Rhodesia. Gawo 172 limati munthu amene wachita chinthu chosaloledwa ndi lamulo, kapena walekerera udindo wake, n'kubweretsa ngozi, msokonezo kapena kutsekereza anthu pa ufulu wawo wa onse, ali ndi mlandu, ndipo angakhale m'ndende chaka chimodzi. Gawoli limaonjezanso mfundo imene ogulitsa mumsewu ayenera kuidziwa: kunena kuti okondwera ndi zimene ukuchita ndi ambiri kuposa odandaula si chodzitetezera pa khoti. Mayi wogulitsa vitumbuwa pa siteshoni angaloze makasitomala ake onse, koma majisitireti adzayang'ana ngati njira yatsekeka kapena ayi.

Malo achiwiri ndi Public Health Act, imene inayamba mu 1930. Umu muli mndandanda wautali: nyumba yauve kapena yodzaza anthu mopyola muyezo, chimbudzi kapena ngalande yonunkha, chitsime choipitsidwa, madzi akuda otayikira mumsewu, mulu wa zinyalala kapena ndowe, utsi wambiri, ndi chiweto chosungidwa moti chikuononga umoyo wa anthu. Lamuloli limafuna kupeza mwini wa vutolo. Akapezeka, kanso imampatsa kalata yomuuza chimene akonze ndi masiku amene wapatsidwa. Akanyozera, nkhani imapita kwa majisitireti. Pa malamulo onse atatu, ili ndi limene ine ndimaliona lachilungamo, chifukwa limayamba ndi chenjezo, munthu asanaone ndodo kapena unyolo.

Koma tikumbukire kuti matauni a nthawi imeneyo anamangidwira ndani. Lusaka itakhala likulu mu 1935, Mwafirika ankaonedwa ngati mlendo wobwera kudzagwira ntchito, woyenera kubwerera kumudzi ntchito ikatha. Ankayenda ndi chitupa. Amayi ophika mowa m'makomboni ankasakidwa, pamene akuluakulu a tauni ankagulitsa mowa womwewo m'mabiyaholo awo n'kumapeza phindu. Penal Code yomweyo inali ndi magawo a anthu ongoyendayenda ndi osaoneka bwino, amene wapolisi akanatha kugwira asanalakwe kanthu kooneka. Zitupa zinatenthedwa mu 1961 pa nthawi ya Cha Cha Cha, ufulu unabwera mu 1964, koma magawo aja anatsala m'buku.

Malo achitatu ndi amene achinyamata amakumana nawo tsiku ndi tsiku: malamulo a maboma ang'ono otchedwa Street Vending and Nuisances Regulations, a mu 1992. Awa amatchula zinthu mwatchutchutchu. Kulavula kapena kusanza mumsewu, kutaya zinyalala, kukodza kapena kuchita chimbudzi posayenera, kuimba nyimbo yolaula pagulu, kugulitsa malonda pamalo amene si msika. Anatuluka pa nthawi imene chuma chinali kumasulidwa, makampani a boma akugulitsidwa, anthu akuchotsedwa ntchito. Ochotsedwawo anakhomera tuntemba paliponse. Boma la a Frederick Chiluba linatsegula ofesi ya ogulitsa mumsewu ku State House, anthu n'kumati tsopano msewu ndi wawo. Koma mu April 1999 apolisi ndi a kanso anagumula tuntemba ta pakati pa Lusaka usiku, anthu akugona. A Michael Sata atalowa mu 2011 anati ogulitsa asiyidwe. Lamulo silinafafanizidwe, linangogonekedwa pambali.

Linadzutsidwa ndi kolera. Mliri umene unayamba mu October 2017 unagwira anthu oposa 5,000, ambiri a iwo mu Lusaka. A Edgar Lungu anatumiza asilikali kukayeretsa misewu, ndipo mu January 2018 ku Kanyama kunabuka chipolowe anthu atatopa ndi kuletsedwa kugulitsa. Chaka chomwecho nduna ya maboma ang'ono, a Vincent Mwale, amene anali phungu wa Chipangali kuno kum'mawa, anasaina Statutory Instrument nambala 12 ya 2018 yokweza mafaindi. Kolera ndi yoona, ndipo wogulitsa nyama yootcha pambali pa ngalande yodzaza ndi zoipa akuika miyoyo ya anzake pa ngozi. Koma ngalandeyo ili ndi mwini wake. Gawo 172 limanenanso za wolekerera udindo wake, ndipo kanso imene imatolera ndalama pa msika wopanda chimbudzi chogwira ntchito ndiyo ikulowa bwino m'mawu amenewo. Chonsecho amene amathamangitsidwa ndi uja wonyamula beseni pamutu.

Ku Malawi munthu mmodzi anakana kungovomera. A Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo apulasitiki, anagwidwa mu 2015 m'bandakucha akupita ku msika wa Limbe, n'kuimbidwa mlandu wokhala wongoyendayenda. Mu January 2017 High Court inagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code ya Malawi likutsutsana ndi malamulo aakulu a dzikolo. Mu December 2020 khoti la Africa la ufulu wa anthu ku Arusha linaperekanso maganizo ake kuti malamulo ogwira anthu chifukwa choyendayenda kapena kusauka sagwirizana ndi mapangano a Africa. Mabuku athu ndi a Malawi ndi apachibale, onse anachokera ku ofesi imodzi ya atsamunda ku London.

Tsopano tiyeni titsike kuchoka pa boma la Lundazi kupita ku Lukusuzi, kumene funso lomweli limaima chadodolido. Lukusuzi National Park, ya makilomita 2,720 m'bwalo lake lonse, inakhala paki mu 1972, chaka chimene mapaki ambiri a Zambia analengezedwa. Kwa zaka zambiri inali yoiwalika, yopanda alendo ndi alonda okwanira, ndipo anthu analowamo kukalima, kukatchera nyama ndi kukakumba miyala ya mtengo wapatali. Mu July 2015 Zambia ndi Malawi anasaina pangano losamalira limodzi nkhalango za m'malire, kuphatikizapo Lukusuzi ndi Kasungu. Kumapeto kwa chaka chomwecho okhala m'paki anachotsedwa. M'kati mwa paki wovutitsa ndi munthu, ndipo lamulo lake si la kanso koma Zambia Wildlife Act ya 2015.

Pakati pa Lukusuzi ndi Kasungu pali midzi ndi minda ya anthu a Mfumu Mwasemphangwe ndi Mfumu Chikomeni, dera limene linali lonse m'boma la Lundazi mpaka Lumezi ndi Chasefu anapatulidwa mu 2018. Pakati pa chaka cha 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, pa ntchito ya dipatimenti ya nyama zakutchire ya Malawi, African Parks ndi IFAW. Njovu sidziwa malire. Kuchokera nthawi imeneyo anthu a mbali zonse ziwiri akhala akudandaula za chimanga chodyedwa, nkhokwe zogumulidwa ndi abale ophedwa.

Yerekezani ndi nkhumba. Nkhumba za mnansi wanu pa komboni ya ku Lundazi zikamanunkha kapena kufukula pa chitsime, mutha kupita ku kanso, woyang'anira zaumoyo n'kubwera ndi kalata, chifukwa nkhumba ndi chiweto chosungidwa ndipo mwini wake amadziwika. Njovu nayo ili ndi mwini. Zambia Wildlife Act imati nyama iliyonse yakutchire imene ili m'dziko lino ndi ya Pulezidenti m'malo mwa Republic. Koma palibe kanso ingalembere mwini ameneyu kalata yakuti akonze vuto pasanathe masiku akutiakuti. Mlimi wodyeredwa munda amakanena kwa alonda a nyama, iwo n'kubwera kudzathamangitsa njovu ngati galimoto ndi mafuta zilipo. Chimanga chake palibe amene amamubwezera. Akaipha yekha popanda chifukwa chololedwa ndi lamulo, mlandu ndi wake, ndipo ndi waukulu kuposa faindi ya kanso.

Osamalira nyama ali ndi mfundo zawo, ndipo si zopanda pake. Kasungu inali ndi njovu zambiri zisanathedwe ndi opha nyama mozemba, Liwonde inali itadzaza, ndipo njovu zinkadutsa pakati pa nkhalango ziwirizi minda yambiri isanalimidwe. Chimene chikusoweka ndi khomo limene mlimi angagogode. Wogulitsa mumsewu amadziwa ofesi imene katundu wake wapita, ngakhale kuti kumuombola n'kowawa. Ena mwa anthu okhudzidwa ndi njovu za ku Kasungu anakapeza khomo lawo kutali kwambiri. Mu 2025 zinamveka kuti maloya a Leigh Day a ku London akuimira anthu ena a ku Zambia ndi Malawi amene akufuna chipukuta misozi kuchokera kwa IFAW. Bungweli likukana, likuti mwini wa paki ndi nyama zake ndi boma la Malawi.