Za Masauko Chipembere ndi Mpando Wace m'Bwalo la Malamulo

Munthu akacoka pa doko la Nkhotakota nalunjika kumadzulo, atasiya madimba a mpunga ndi minda ya cinangwa m'mbuyo, ayamba kukwera mapiri a ku Ntchisi. M'mapiri momwemo muli malo ochedwa Kayoyo, pamene amishoni a U.M.C.A. anali ndi sukulu. Ndipo masiku aja dera lonselo linali pansi pa boma lathu lino, limene Azungu analilemba Kota Kota. Pamenepo, pa 5 Ogasiti 1930, panabadwa mwana wamwamuna kwa mphunzitsi Habil Matthew Chipembere, amene pambuyo pace analowa unsembe. Amace anabvutika kwambiri ndi pakati pa mwanayo, ndipo cifukwa ca ici anamucha Masauko. Dzina lace lina linali Henry.

Ambiri amuyesa munthu wa ku Mangochi, ndipo salakwa ai, pakuti mudzi wao unali ku Malindi, ndipo ndiwo anthu a kumeneko amene iye anawaimira. Koma ife a kunyanja kuno tiri nalo gawo pa mbiri yace, pakuti mcombo wace unagwera m'boma lathu, ndiponso msonkhano umene unakhotetsa moyo wace unacitikira pakati pathu. Tsono abale anga, ndifuna kuti tione umo munthuyu anaimira pa masiku amene anthu anawerengedwa, awa obvomera ndi awa okana.

Anaphunzira ku Blantyre Secondary School, napitirira ku Goromonzi m'Southern Rhodesia, natsiriza ku Fort Hare m'South Africa. Atabwerako analowa nchito ya Boma monga wothandiza Bwana D.C., koma sanakhalitsamo. M'caka ca 1956, ali ndi zaka 25 zokha, anaisiya kuti apikisane pa mpando wa m'Bwalo la Malamulo ku Zomba.

Tiyambe tadziwa mapangidwe a Bwalolo. Munthu wakuda sanakhalamo kufikira caka ca 1949, pamene Bwana Mkubwa analowetsamo awiri, A Muwamba ndi A Mposa. Pofika 1956 mipando yonse inali 23. Bwana Mkubwa mwini ndiye anali pa mpando waukuru. Pambali pace panali akuru a nchito za Boma 11, amene sakanatha kutsutsa Boma lowalipira. Panali 6 osankhidwa ndi Azungu ndi Amwenye, anthu a zikwi zowerengeka. Ndipo eni dziko, oposa mamiliyoni awiri, anapatsidwa mipando 5. Asanuwo sanasankhidwa ndi anthu a m'midzi ai, koma ndi mabwalo a zigawo zitatu za dziko, m'mene munali mafumu ndi anthu ena omveka. Boma linayembekeza kuti mafumu adzasankha anthu ofatsa. Koma m'mwezi wa Marichi 1956 anaturuka Chipembere ndi N. D. Kwenje a Kumwera, J. R. N. Chinyama ndi D. W. Chijozi a Pakati, ndi Kanyama Chiume wa Kumpoto, onse okana Citaganya.

Citaganya cimeneci, kwa inu ana amene simunacimva, cinali cimangano ca maiko atatu, Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, cimene Boma la Britain linacikhazika m'caka ca 1953, eni dziko lino atacikana poyera. Likulu lace linali ku Salisbury, ndipo makolo athu ambiri amene anagwirako nchito anadziwa bwino umo munthu wakuda anakhalira kumeneko.

Ngakhale mwana wa kalasi loyamba adziwa kuti 5 sangapose 18. Pa nkhani ya kucoka m'Citaganya, pa ya kucurukitsa mipando ya eni dziko, pa ya kupatsa munthu wamkuru ali yense mphamvu ya kusankha, Chipembere anali ku mbali yogonja nthawi zonse, ndipo anadziwiratu asanaimirire kuti adzagonja. Nanga analankhuliranji? Cinsinsi cace cinali buku lochedwa Hansard, m'mene alembi a Bwalo alemba mau onse onenedwamo, ndipo Boma lomwe lilisindikiza niligulitsa. Iye ndi Chiume anaona kuti mau amene munthu angamangidwe nao powanena pa msika, m'Bwalo awanena mwaufulu, ndi Boma liwafalitsa ndi makina ace. Anaunjika mafunso pamaso pa akuru a Boma: za tsankho la khungu, za nchito zapamwamba zomanidwa kwa ophunzira akuda, za malamulo a malimidwe amene anthu analipitsidwa nao ndi kumangidwa cifukwa ca mizere ndi migula. Buku limene kale linali kudyedwa ndi ciswe m'maofesi linayamba kugulidwa ngati mcere. Akalaliki ndi aphunzitsi analiwerenga namasulira anzao, ndipo anthu anazizwa kumva kuti mnyamata wa msinkhu wa ana ao ayankha Mzungu wamkuru maso ndi maso, osabvula cipewa ca mumtima. Ine ndiyesa kuti zaka zitatu zimenezo, zimene sanapambana pa kuwerenga manja, ndizo zaka zimene anapindulira dziko koposa zina zonse.

Koma unyamata umene unampatsa kulimba mtima unalinso copinga cace. Mafumu ndi akuru a m'midzi sakanatsata mwana. Cifukwa cace iye ndi anzace anayang'ana kwa Dr. Hastings Kamuzu Banda, sing'anga wacikulire amene anakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo pa nthawiyo anali ku Kumasi m'dziko la Ghana. Chipembere anamlembera makalata omdandaulira kuti abwere, namuuza kuti anthu pomenyera ufulu afuna ngwazi imodzi yoitamanda, ndi kuti asadabwe akamva alikumlalikira monga mpulumutsi wa dziko. Dr. Banda anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Mwezi wotsatira, pa msonkhano wa ku Nkhata Bay, anakhala mtsogoleri wa Nyasaland African Congress, ndi Chipembere msungi wa cuma. Zonse zimene analonjeza m'makalata anazicita, nayenda m'maboma kukweza dzina la nkhalambayo.

Pa 3 Marichi 1959 Bwana Mkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko liri pa ngozi, nati a Congress anapangana kupha Azungu. Anthu oposa 50 anaphedwa ndi asilikari ndi apolisi, ambiri a iwo pa doko la Nkhata Bay. Chipembere anatengedwa kunka ku ndende ya Gwelo pamodzi ndi Dr. Banda ndi abale awiri, Dunduzu ndi Yatuta Chisiza, ndipo m'Bwalo lija la anthu 23 sanakhalamonso. Woweruza Devlin, wotumidwa kudzafufuza, sanapeza pangano la kupha Azungu onse monga Boma linanena. Koma anapeza kuti mau a ciwawa ananenedwadi, ndipo anamchula Chipembere mwa oopsa pakamwa.

Dr. Banda anamasulidwa pa 1 Epulo 1960, koma anyamata ace anatsalira, nasamutsidwira ku Kanjedza, kufikira pa 27 Seputembala. M'masiku omwewo cipani catsopano ca Malawi Congress, cimene Orton Chirwa anaciyambitsa Congress yakale italetsedwa, cinasonkhana kuno ku Nkhotakota. Mudzi uno unaonapo kale misonkhano ya akuru, kuyambira muja Dr. Livingstone anakhala pansi pa mtengo ndi Jumbe kunena za malonda a akapolo. Koma khamu la mu 1960 linacokera m'dziko lonse. Pamaso pa khamulo Dr. Banda anaonetsa omasulidwawo, ndipo anthu anapfuula ndi cimwemwe. Pa msonkhano womwewo anambvomereza Dr. Banda kukhala mtsogoleri wa cipani moyo wace wonse.

Pano ndipempha kuti ticedwepo pang'ono. Chipembere anali pomwepo, atangoturuka m'ndende, nabwezedwa pa udindo wace wa msungi wa cuma. Kwa nthawi yoyamba anali ku mbali ya ocuruka. Sitiyenera kuwaweruza mopepuka anthu a tsiku lija. Citaganya cinali cikhalire, adani anali kufunafuna mng'alu woti alowetsepo mphanje, ndipo kumangirira onse pa munthu mmodzi kunaoneka nzeru. Komabe makolo athu, pomlonga munthu ufumu, anali kumlangiza usiku wonse, nasunga m'manja mwa mbumba mphamvu ya kumcotsa akaipa. Pa Nkhotakota anthu ophunzira anapereka mpando, osasungako kanthu. Amene anali kudziwa bwino koposa onse kufunika kwa liu lotsutsa, popeza iye mwini anali liu lotero zaka zitatu, sanaona kuti alikutseka khomo limene adzafuna kuturukira.

Ndiponso tisabise colakwa cace. Pakamwa pace panali moto, ndipo sanaleza mtima ndi Amalawi anzace a zipani zina, amene anawayesa ogulitsa dziko. Itangopita miyezi iwiri kapena itatu analankhula ku Rumphi mau oopseza moyo wa Michael Blackwood, mtsogoleri wa Azungu okonda Citaganya. Anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka zitatu, nakhalamo ziwiri ku Zomba. Cotero cisankho cacikuru ca Ogasiti 1961, pamene cipani cinatenga mipando yonse 20 ya anthu wamba, cinampeza ali m'ndende. Anthu a ku Fort Johnston, ndiko ku Mangochi, anasankha atate wace, Canon Chipembere, amene anasunga mpandowo monga munthu asungira mnzace munda, naupereka kwa mwana wao ataturuka mu Januwale 1963. Pomwepo anakhala nduna yoyang'anira maboma ang'ono, ndi pambuyo pace nduna ya maphunziro. Citaganya cinatha pa 31 Disembala 1963. Pa cisankho ca 1964 panalibe kuponya voti konse, pakuti onse oimira cipani analowa opanda wopikisana nao.

Dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo isanathe miyezi iwiri nduna zinayambana ndi Dr. Banda. Zifukwa zinali zambiri: tiki imene odwala anayamba kulipira pa zipatala za Boma, malipiro a anchito a Boma akuda amene anacepetsedwa potsata malangizo a Skinner, kucedwa kupereka nchito zazikuru kwa eni dziko, ubwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique, kukana thandizo la China. Koma muzu wa zonse unali wakuti Dr. Banda anali kulamula yekha, nachula nduna zace anyamata ace pamaso pa anthu. Pa 7 Seputembala anacotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Mai Rose Chibambo. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi John Msonthi anatula okha maudindo, ngakhale Msonthi anabwerera msanga. Ndipo Dr. Banda anaitana Nyumba ya Malamulo kuti inene ngati imkhulupirira.

Pa masiku onse a mkanganowo Chipembere anali ku Canada pa msonkhano wa maphunziro. Anafika mtsutso utayamba kale, mpando wace wa unduna uli cikhalire, pakuti iye sanacotsedwa. Akadakhala cete akadausunga. Koma pa 9 Seputembala analowa m'Nyumba atatula unduna, nakakhala ku mipando ya kumbuyo pamodzi ndi anzace ocotsedwa. Mau ace tsiku lija sanali a moto monga kale ai. Anakana kuti anzacewo ndi oukira, nakumbutsa aphungu nchito zimene iwo anagwirira dziko, napempha kuti mlandu ukambidwe mwamtendere. Koma aphungu ambiri anali atsopano, olowa ndi dzanja la Dr. Banda, ndipo analankhula motsatizana kutamanda Ngwazi ndi kunyoza nduna. Pofika pa kubvomereza, palibe mmodzi anaimirira kukana, ngakhale nduna zocotsedwazo, ngakhale Chipembere. Anali kuyembekezabe ciyanjano, ndipo atalalikira dziko zaka zisanu ndi cimodzi kuti munthuyu ndiye mpulumutsi, sakanatha kunena tsiku limodzi kuti samkhulupirira. Mu 1956 anali asanu okana pamaso pa Bwana Mkubwa wa Cingerezi, ndipo mau ao anasindikizidwa. Mu 1964, m'Nyumba ya eni dziko okha okha kupatula Azungu owerengeka, wokana sanapezeka.

Masiku ace a m'Nyumba anathera pamenepo. Tikaphatikiza zonse, sanakwanitsa zaka zisanu pa mpando. Ciyanjano cinalephereka, anzace anathawira ku maiko a pafupi, ndipo iye analamulidwa kuti asapitirire mamailosi anai kucokera kwao ku Malindi. Anazemba nalowa m'thengo la kum'mawa kwa nyanja. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 anatsogolera anthu ngati 200, nalanda boma la Fort Johnston ndi mfuti za apolisi, nalunjika ku Zomba. Koma pofika pa Liwonde anapeza combo coolotsa magalimoto ciri tsidya lina la Shire, ndipo asilikari a Boma anawabalalitsa. Midzi ya ku Mangochi inasauka kwambiri cifukwa ca ulendo umenewo, ndipo Medson Silombela, mmodzi wa otsala m'thengo, anapacikidwa ku Zomba m'caka ca 1966. Caka comweco lamulo linakhazika cipani cimodzi cokha m'dziko, ndipo mu 1971 Dr. Banda anakhala mtsogoleri wa dziko moyo wace wonse, monga anakhalira wa cipani kuno zaka 11 zapitazo.

Chipembere anaturuka m'dziko mu 1965 alikudwala nthenda ya shuga. Anakhala ku America, naphunzitsa pa Kivukoni College ku Dar es Salaam, nabwereranso ku America mu 1969 kukaphunzitsa ku Los Angeles. Kumeneko anamwalira pa 24 Seputembala 1975, ali ndi zaka 45, osaionanso nyanja yino. Zipani zambiri zitabwerera, mkazi wace, Mai Catherine Chipembere, anabwera kwao, ndipo anthu a ku Mangochi anawasankha kukhala phungu m'caka ca 1994. Mseu waukuru wocokera ku Blantyre kunka ku Limbe, umene kale unali ndi dzina la Kamuzu, unapatsidwa dzina la Masauko Chipembere.