Tisananyamuke kupita ku Ephendukeni

Ambiri a ife timangodutsa pa Mwami pothamangira ku Mchinji, osadziwa kuti ca ku Feni kuli Ephendukeni, kwa Inkosi ya Makosi Mpezeni. Ulendo uno tagwirizana zokaonako, koma tisapite kukangojambula zithunzi. Mu 1898 asilikali a Britain anagonjetsa Angoni m'dera lomweli, nalanda ng'ombe zikwizikwi, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni, anamuwombera. Nc'wala inazimirira mpaka 1980. N'cifukwa cake tasankha February, pomwe mfumu imanyamuka kupita ku Mtenguleni kukalawa zam'munda zoyamba. Tiyambe tapempha cilolezo kwa nduna, pakuti kwa mfumu salowa ngati pamsika. Bayethe ija tiiyeserere tili m'basi, agogo angatiseke.