Mapuloteni olandira uthenga m'khansa ya njira ya chakudya

Mapuloteni olandira uthenga, amene pa Chingerezi amatchedwa receptor, ndi tinthu ting'onoting'ono tokhala pakhungu la selo iliyonse ya m'thupi. Ntchito yake ndi kulandira uthenga wochokera kunja kwa selo ndi kuufikitsa mkati, monga uthenga woti seloyo ikule, igawikane pawiri kapena ife. M'makhansa ambiri a njira ya chakudya, kuyambira kummero, chifu, matumbo mpaka chiwindi ndi kapamba, mapuloteniwa amachuluka kupyola muyeso kapena amasintha kapangidwe, ndipo maselo amayamba kuswana mosalekeza. Madokotala amayeza kuchuluka kwa mapuloteniwa m'chotupa kuti adziwe mmene matenda angayendere komanso mankhwala amene angagwire ntchito. Nkhaniyi ndi yofunika m'Malawi chifukwa dzikoli lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero imapezeka kwambiri padziko lonse.

Mmene mapuloteniwa amagwirira ntchito

Maselo a mkati mwa njira ya chakudya amatha msanga chifukwa chokhudzana ndi chakudya, zakumwa ndi asidi wa m'chifu. M'matumbo, maselo apamwamba amalowedwa m'malo ndi atsopano pamasiku ochepa okha. Kuti zimenezi zichitike mwadongosolo, thupi limatulutsa timapuloteni tina tonyamula uthenga wa kukula. Kapuloteni koteroko kakafika pa selo, kamalowa pa receptor yake monga mmene kiyi amalowera m'loko wake. Kenako ma receptor awiri amagwirana, ndipo mbali yawo yamkati imadzutsa mapuloteni ena motsatizana, monga RAS, RAF ndi PI3K, mpaka uthenga ukafike pa DNA. Ntchito ikatha, selo imameza receptor ija ndi kuiphwanya, uthenga n'kuzima.

Katswiri wa ku America, Stanley Cohen, ndiye anatulukira kapuloteni konyamula uthenga kotchedwa EGF mu 1962, ndipo mu 1986 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Rita Levi-Montalcini. Receptor yolandira EGF imatchedwa EGFR. Ili m'banja la ma receptor anayi, omwe ndi EGFR, HER2, HER3 ndi HER4.

Malangizo opangira puloteni iliyonse amakhala m'tizigawo ta DNA totchedwa majini. Pali njira zitatu zikuluzikulu zimene dongosololi limasokonekera. Yoyamba ndi yoti jini imodzi imakopedwa kambirimbiri, ndipo selo imapanga ma receptor ochuluka kwambiri, moti ngakhale uthenga wochepa umamveka ngati waukulu. Yachiwiri ndi yoti jini imasintha, receptor n'kumatumiza uthenga yokha popanda choidzutsa. Yachitatu ndi yoti vuto limakhala mkati mwa selo, mwachitsanzo pa puloteni ya KRAS, imene imangokhala yoyaka ngakhale receptor yapamwamba itazima.

Kukula kwa chotupa

Khansa siyamba tsiku limodzi. Majini amawonongeka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Mu 1990, Eric Fearon ndi Bert Vogelstein anafotokoza mmene khansa ya m'matumbo aakulu imayendera: choyamba imawonongeka ndi jini ya APC ndipo pamamera kanyama kakang'ono kosavulaza, kenako KRAS imasintha kanyamako n'kumakula, pomaliza jini ya TP53, imene imaletsa maselo owonongeka kuswana, imasiya kugwira ntchito ndipo chotupa chimasanduka khansa.

Ma receptor amathandiza chotupa pa magawo angapo a kukula kwake. Poyamba amachititsa maselo kuswana mofulumira ndi kukana kufa. Chotupa chikafika pa mamilimita 1 kapena 2, sichingapitirire kukula popanda mitsempha ya magazi yochibweretsera chakudya ndi mpweya. Pamenepa chimatulutsa puloteni ya VEGF, imene imadzutsa ma receptor a VEGFR pa mitsempha yoyandikira, ndipo timitsempha tatsopano timamera kulowa m'chotupacho. Dokotala wina wa maopaleshoni ku Boston, Judah Folkman, ndiye anafalitsa ganizo limeneli mu 1971. Pambuyo pake maselo a khansa amamasuka kwa anzawo, amaboola khoma la chiwalo, n'kulowa m'ma lymph node, tinthu tija timatupa munthu akachita mwanabere. Kuchokera apo amatha kufika kuchiwindi, kumapapo kapena kumafupa.

Kummero kuli vuto lapadera. Njirayi ndi yaitali pafupifupi masentimita 25, ndipo imatha kutanuka, choncho munthu samva chilichonse mpaka chotupa chitatseka mbali yaikulu ya njirayo. Komanso kummero kulibe chikopa chakunja cholimba ngati cha chifu ndi matumbo, ndipo kuli timitsempha tambiri ta lymph. N'chifukwa chake khansa ya kummero imafalikira msanga.

Ma receptor odziwika kwambiri

EGFR imapezeka yochuluka m'zotupa zambiri za kummero za mtundu wa squamous cell carcinoma, komanso m'khansa ya m'matumbo aakulu. Kafukufuku wambiri wasonyeza kuti zotupa zakummero zokhala ndi EGFR yochuluka zimakonda kufalikira msanga.

HER2 inadziwika koyamba pa khansa ya m'mawere, pamene Dennis Slamon ndi anzake anasonyeza mu 1987 kuti odwala amene jini imeneyi inachuluka m'zotupa zawo matenda awo ankayenda mofulumira. Pambuyo pake inapezekanso m'khansa ya chifu ndi ya pamalo pamene kummero pamakumana ndi chifu, mwa wodwala mmodzi pa asanu kapena asanu ndi mmodzi alionse. M'khansa yakummero ya mtundu wa squamous, HER2 sichuluka kawirikawiri.

KIT, imene imatchedwanso CD117, ndi imene imayambitsa zotupa zambiri za mtundu wa GIST, zomera m'khoma la chifu kapena la matumbo. Seiichi Hirota ndi anzake a ku Japan anatulukira kusintha kwa jini imeneyi mu 1998.

PD-1 ndi yosiyana ndi zinazi chifukwa imakhala pa maselo a chitetezo cha m'thupi, osati pa maselo a khansa. Ntchito yake ndi kuletsa chitetezo kuti chisawononge thupi lenilenilo. Zotupa zina zimapanga puloteni ya PD-L1 imene imagwira PD-1, chitetezo n'kuzisiya osazikhudza. Tasuku Honjo, amene anatulukira PD-1, analandira mphoto ya Nobel mu 2018 pamodzi ndi James Allison.

Kayezedwe

Pofuna kuyeza ma receptor, dokotala amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera pakamwa kapena kumalo ochitira chimbudzi, n'kubudula kachidutswa ka chotupa. Kachidutswako kamaikidwa m'mankhwala a formalin kuti kasawonongeke, ndipo ku labotale kamadulidwa mopyapyala kwambiri n'kupakidwa mankhwala amene amamatirira pa puloteni imene ikufunidwa. Pamene pali puloteniyo pamaoneka mtundu wa bulawuni pa maikulosikopu. Njira imeneyi imatchedwa immunohistochemistry. Pa HER2, zotsatira zimalembedwa kuti 0, 1+, 2+ kapena 3+. Chotupa cha 3+ chili ndi HER2 yochuluka, cha 0 ndi 1+ chilibe yochuluka, pomwe cha 2+ chimafuna kuyezanso ndi njira ina yowerenga makope a jiniyo. Kachidutswa kakachedwa kuikidwa mu formalin, kapena kakakhalitsamo, zotsatira zimatha kulakwika. Ichi ndi chimodzi mwa zovuta za zipatala zakutali ndi ma labotale.

Mankhwala olunjika pa ma receptor

Mankhwala a imatinib, amene amatseka KIT, anavomerezedwa ku America pa zotupa za GIST mu 2002, ndipo anasintha kwambiri moyo wa odwala amene kale analibe chithandizo chenicheni kupatula opaleshoni. Cetuximab, wotseka EGFR, anavomerezedwa pa khansa ya m'matumbo aakulu mu 2004. Patapita zaka zochepa zinadziwika kuti sathandiza odwala amene KRAS yawo inasintha, omwe ndi pafupifupi 40 pa 100 alionse, chifukwa uthenga umayambira mkati mwa selo, pansi pa pamene mankhwalawo atseka.

Mu 2010, kafukufuku wotchedwa ToGA anasonyeza kuti odwala khansa ya chifu yokhala ndi HER2 yochuluka amene analandira trastuzumab pamodzi ndi mankhwala ena a khansa anakhala ndi moyo pafupifupi miyezi 13.8, pomwe amene sanalandire anakhala miyezi 11.1. Mu 2015, bungwe la World Health Organization linaika trastuzumab ndi imatinib pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira.

Pa khansa ya kummero zinthu sizinayende choncho. Ngakhale EGFR imakhala yochuluka, kafukufuku wa ku Britain wa SCOPE1 mu 2013, woyesa cetuximab, ndi wa COG mu 2014, woyesa gefitinib, sanapeze kuti mankhwalawa amatalikitsa moyo wa odwala onse. Izi zikusonyeza kuti kuchuluka kwa receptor m'chotupa sikutanthauza kuti chotupacho chimadalira receptor yokhayo. Mankhwala otseka PD-1, monga nivolumab ndi pembrolizumab, ndi amene pambuyo pake anasonyeza phindu pa khansa imeneyi, koma ndi okwera mtengo kwambiri.

Khansa ya kummero m'Malawi

Malawi ali m'chigawo cha kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuyambira ku Ethiopia kudutsa Kenya ndi Tanzania mpaka ku South Africa, kumene khansa ya kummero ndi yofala. Pafupifupi odwala 9 pa 10 alionse m'chigawochi amakhala ndi mtundu wa squamous cell carcinoma, pomwe ku Britain ndi ku America wofala ndi adenocarcinoma. Choncho mankhwala a HER2 sangathandize odwala ambiri a khansa ya kummero a m'Malawi.

Mu 2016, akatswiri a University of North Carolina ndi a m'Malawi anafalitsa zotsatira za kuyeza DNA ya zotupa za odwala 59 a m'dziko muno. Anapeza kuti majini owonongeka, monga TP53, CDKN2A ndi NOTCH1, ndi ofanana ndi amene amapezeka mwa odwala a ku Asia ndi ku North America, ndipo sanapeze umboni wa kachilombo ka HPV m'zotupazo. Mu 2021, kafukufuku wina anayerekeza zotupa 552 zochokera m'mayiko 8, kuphatikizapo Malawi, Kenya ndi Tanzania, koma sanapeze chizindikiro cha pa DNA chofotokoza chifukwa chake matendawa ndi ochuluka m'mayiko ena kuposa ena.

Zinthu zodziwika kuti zimawonjezera chiopsezo ndi fodya ndi mowa, makamaka waukali ngati kachasu. Mu 2016, bungwe la International Agency for Research on Cancer linanena kuti zakumwa zotentha kupyola madigiri 65 zingathe kuyambitsa khansa ya kummero. Akatswiri akufufuzanso za utsi wa nkhuni m'khitchini, kusasamala mano, chuku cha pa chimanga ndi kuchepa kwa mchere wa selenium m'zakudya.

Chizindikiro chachikulu ndi kuvutika kumeza. Munthu amayamba kulephera nyama ndi nsima, kenako phala, pomaliza ngakhale madzi ndi malovu, ndipo amaonda kwambiri. Odwala ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale, ndipo ambiri mwa iwo samatha chaka. Chithandizo chofala ndi kuika kapaipi kachitsulo kotanuka, kotchedwa stent, kamene kamatsegula njira kuti wodwala ayambirenso kumeza, komanso kupereka morphine wakumwa wochepetsa ululu. Kwa zaka zambiri Malawi analibe makina owotchera khansa, ndipo odwala ochepa ankatumizidwa kunja, monga ku India, Tanzania ndi Zambia. Boma linamanga National Cancer Centre pafupi ndi Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe pofuna kuthetsa vutoli.

Pachilumba cha Likoma

Likoma ndi chitsanzo cha mtunda umene ulipo pakati pa sayansi imeneyi ndi wodwala wa kumudzi. Boma la Likoma, lopangidwa ndi zilumba za Likoma ndi Chizumulu, lili pa nyanja ya Malawi kufupi ndi gombe la Mozambique, ndipo pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu pafupifupi 14,500. Chipatala chachikulu pachilumbachi ndi St Peter's, cha mpingo wa Anglican, chimene chimalandiranso odwala ochokera kutsidya ku Mozambique.

Kuyeza ma receptor kumafuna labotale yokhala ndi katswiri woona minofu pa maikulosikopu, ndipo ma labotale otere ali m'mizinda ikuluikulu, monga ya pa Kamuzu Central Hospital, imene inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project, ndi ya ku Blantyre, kumene kuli Queen Elizabeth Central Hospital ndi Kamuzu University of Health Sciences. Wodwala wa ku Likoma woganiziridwa kuti ali ndi khansa amayenera kuwoloka nyanja pa sitima monga ya Ilala kapena pa boti kupita ku Nkhata Bay, ulendo wa maola angapo, n'kukwera galimoto kupita ku Mzuzu Central Hospital, chipatala chachikulu cha chigawo cha kumpoto. Nthawi ya mphepo ya mwera nyanja imawinduka ndipo maulendo amavuta. Pamwamba pa mtengo wa ulendo, banja limafunika kupeza munthu womudikirira wodwalayo kuchipatala kwa masabata angapo.

Chifukwa cha zimenezi, chimene chimasiyanitsa kwambiri pakati pa wodwala wothandizika ndi wosathandizika m'madera ngati Likoma ndi nthawi imene wafikira kuchipatala. Azaumoyo amalangiza kuti munthu amene wayamba kuvutika kumeza, kuonda popanda chifukwa, kusanza magazi, kapena kuona magazi m'chimbudzi apite msanga kuchipatala kuti akatumizidwe kokayezedwa chotupa chisanafalikire.