Kuika ma shock osinthika kumbuyo kwa njinga yamoto: zofunika kudziwa ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Njinga zamoto zakhala mbali yaikulu ya mayendedwe a anthu m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi m'cigawo ca kum'mawa kwa Zambia. Zimanyamula alimi ndi zokolola zao, aphunzitsi, alangizi a zaulimi, ndiponso odwala amene akufuna kufika msanga ku cipatala ca St Francis ku Katete kapena ku zipatala zing'onozing'ono za kumidzi.

Msewu wa Great East, umene umadutsa pa Sinda ndi pa Katete popita ku Chipata, ndi wa tara, monganso msewu wocoka pa Katete kupita ku malire a dziko la Mozambique pa Chanida. Koma munthu akangopatuka m'misewu imeneyi amalowa m'misewu yafumbi yokhala ndi maenje, miyala ndi mcenga. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha m'caka ca 2012, ndipo midzi yao yambiri imafikika kupyolera m'misewu yotereyi.

M'misewu imeneyi, cipangizo ca njinga cimene cimatopa msanga ndi shock absorber yakumbuyo, imene amakanika amangoicha kuti shock. Kamba ka ici, eni njinga ambiri amacotsa ma shock amene njinga inabwera nao, n'kugula ena osinthika, amene munthu angathe kuwakweza kapena kuwatsitsa kulingana ndi kulemera kwa katundu.

Nchito ya shock

Shock ili ndi mbali ziwiri. Kunja kuli sipuling'i, imene imasenza kulemera kwa njinga, woyendetsa ndi katundu. M'kati muli cubu ca citsulo cokhala ndi mafuta ndi pisitoni. Wilo likagunda mwala, sipuling'i imafinyika, ndipo pisitoni imakankha mafuta kupyolera m'timabowo tating'ono kwambiri. Popeza mafutawo sangadutse mofulumira, amaletsa sipuling'i kudumphadumpha, ndipo mphamvu ya kugundako imasanduka kutentha.

Anthu ambiri amaganiza kuti shock inapangidwa kuti wokwera akhale bwino pampando cabe. Nchito yake yaikulu ndi kusunga tayala lakumbuyo pansi nthawi zonse. Tayala likamadumpha, buleki silingagwire bwino ndipo njinga ingathe kuterereka pokhota.

Ma shock ena amakhala ndi mpweya wa nitrogen wopanikizidwa, umene umathandiza kuti mafuta asacite thovu akatentha paulendo wautali. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi Christian Bourcier de Carbon wa ku France m'zaka za m'ma 1950.

Njinga zambiri zonyamula anthu ndi katundu, monga Bajaj Boxer ndi TVS HLX zocokera ku India, zili ndi ma shock awiri, wina kumanja wina kumanzere. Zina, monga Yamaha AG200, zili ndi shock imodzi pakati. Kampani ya Yamaha ndiyo inachukitsa shock imodzi yapakati pa mipikisano ya njinga m'caka ca 1973. Zofotokozedwa pano zikukhudza makamaka njinga za ma shock awiri, cifukwa shock yapakati imafuna kumasula zinthu zambiri ndipo ndi bwino kuisiyira makanika wozolowera nchitoyo.

Zimene zimasinthika

Pa ma shock ambiri otsika mtengo, cosinthika ndi cimodzi: mphete imene ili kumapeto kwa sipuling'i. Mphete zina zili ndi masitepe, kawirikawiri asanu, pomwe zina zimayenda pa mazinga monga nati. Mpheteyo ikazunguzidwa, imafinya sipuling'i pang'ono njinga isanasenze kanthu, ndipo kumbuyo kwa njinga kumakwera.

Ma shock okwera mtengo amakhalanso ndi kasikuluwu kapena kagudumu kosinthira liwiro la mafuta m'kati, kuti shock izibwerera mwamsanga kapena pang'onopang'ono ikafinyika.

Mfundo yofunika ndi yakuti kuzunguza mphete sikulimbitsa sipuling'i. Kumangosintha pamene njinga imakhazikika ikasenza katundu. Ngati mphete yafika pa sitepe yomaliza koma njinga ikali kukhala pansi, ndiye kuti sipuling'iyo ndi yofewa kwa katundu woteroyo, kapena katunduyo wapyola muyeso.

Zizindikiro za shock yakutha

Shock yakutha imadziwika ndi mafuta otsikira pa cubu, amene amakola fumbi n'kuoneka akuda. Munthu akakanikiza mpando ndi manja n'kusiya, njinga yabwino imabwerera kamodzi n'kukhazikika, pomwe ya shock yakutha imapitiriza kunjanja. Zizindikiro zina ndi kugogoda kwa zitsulo podutsa pa dzenje, tayala kukhula madigadi, tayala kudyeka mosalingana, ndi labala ya m'maso a shock kung'ambika.

Ngakhale yoonongeka ikhale imodzi, ma shock amasinthidwa onse awiri pamodzi. Watsopano mbali imodzi ndi wakale mbali ina amapotoza mkono wa citsulo umene umagwira wilo lakumbuyo, wochedwa swingarm.

Posankha ma shock atsopano

Coyamba ndi kupima kutalika kwa shock yakale kucokera pakati pa bowo la pamwamba kufika pakati pa bowo la pansi, wilo lili lolendewera. Pa njinga zing'onozing'ono muyeso umenewu nthawi zambiri umakhala pakati pa mamilimita 300 ndi 360, koma njinga iliyonse ili ndi wake.

Shock yaitali kwambiri imakweza kumbuyo, imasintha kakokedwe ka cheni, ndipo imacititsa njinga kukhala yosakhazikika pa liwiro. Yaifupi kwambiri imacititsa tayala kugunda madigadi. Cotero yatsopano iyenera kulingana ndi yakale.

Caciwiri ndi kuona mapeto a shock. Ena ali ndi diso lozungulira mbali zonse ziwiri, ena ali ndi mphanda kumunsi. Mabowo nao amasiyana: alipo a mamilimita 10, 12 ndi 14. Bawuti yocepa m'bowo lalikulu imagwedera, ndipo pamapeto pake imathyoka.

Cacitatu ndi kunenepa kwa sipuling'i. Ikakhala yonenepa kwambiri imakhula ekizozi kapena cochingira cheni. Njira yosavuta ndi kupita ku sitolo ndi shock yakale m'manja, n'kuilinganiza ndi yatsopano ndalama zisanaperekedwe. Mwini njinga yatsopano ayeneranso kufunsa wogulitsa ngati kusintha ma shock sikudzathetsa pangano la kukonzeredwa njinga mwaulere.

Kaikidwe kake

Zida zofunika ndi masipanala olingana ndi manati, sipanala yokoweza yozunguzira mphete, tepi yopimira, girisi pang'ono ndi matabwa ocirikizira. Pafunikanso munthu waciwiri wothandiza.

Njinga iimikidwe pamalo olimba ndi osalala, pa sitandi yapakati, injini itazimitsidwa ndipo ekizozi itazizira. Pansi pa tayala lakumbuyo paikidwe thabwa loti lingolikhudza, kuti mabawuti asapanikizike ndi kulemera kwa wilo. Ngati mpando kapena keliyala zikuchinga nati ya pamwamba, zimasulidwe poyamba.

Nchito iyambire mbali imodzi, shock inayo ikali pamalo pake kuti igwirire wilo. Manati onse awiri akhwefulidwe, kenaka kucotsa la pansi, n'kutsiriza ndi la pamwamba. Mawasha ayalidwe pansi mwa dongosolo limene acokera, cifukwa washa woikidwa molakwika amapendamitsa shock.

Pamalo pokhala shock papukutidwe bwino ndi kuyang'anidwa ngati pali mng'alu, makamaka pamwamba pamene citsulo cinaocereredwa ku felemu. Mng'alu ukapezeka, ukonzedwe shock yatsopano isanaikidwe. Girisi wocepa apakidwe pa bawuti kuti isacite dzimbiri.

Shock yatsopano ilowetsedwe pamwamba poyamba, kenaka pansi, itayang'ana mbali imene opanga analangiza. Mabowo akakana kulunjikana, wothandiza anyamule kapena kutsitsa wilo pang'ono. Kukhomera bawuti ndi nyundo kumaononga mazinga ndi labala. Manati amangidwe ndi manja cabe, ndipo zomwezo zicitike mbali inayo.

Pambuyo pake njinga itsitsidwe pa sitandi, ikanikizidwe kangapo, ndipo manati alimbitsidwe njinga itaima pa matayala ake. Akalimbitsidwa wilo lili m'mwamba, labala imapotoka njinga ikatsika ndipo imang'ambika msanga. Mphamvu yolimbitsira nati iliyonse inalembedwa m'buku la njingayo.

Pomaliza ayang'anidwe cheni ndi buleki yakumbuyo, popeza zonse ziwiri zimakhudzidwa swingarm ikasintha kaimidwe. Pa njinga zambiri zing'onozing'ono cheni chimafunika kusewera mamilimita 20 mpaka 30 pakati pake.

Kulinganiza ndi kulemera

Shock yosinthika ilibe phindu ngati sinalinganizidwe. Njinga ili pa sitandi yapakati ndipo wilo lili lolendewera, apime kucokera pa bawuti yaikulu ya wilo kufika pa cizindikiro coikidwa pa felemu pamwamba pake. Kenaka njinga itsitsidwe, woyendetsa akhalepo monga amakhalira paulendo, mnzake apimenso pamalo omwewo.

Kusiyana kwa miyeso iwiriyi ndiko kutsika kwa njinga. Kumafunika kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anai a mtunda wonse umene wilo limayenda m'mwamba ndi pansi. Mwacitsanzo, ngati wilo limayenda mamilimita 90, kutsika koyenera ndi mamilimita 25 mpaka 30.

Ngati muyeso woyamba unali 400 ndipo waciwiri ndi 350, njinga yatsika mamilimita 50, kumene ndi kutsika kopambanitsa, ndipo mphete ikwezedwe sitepe imodzi n'kupimanso. Ngati waciwiri ndi 390, njinga yauma kwambiri, ndipo mphete ibwezedwe.

Ma shock onse awiri ayenera kukhala pa sitepe yofanana. Woyendetsa amene nthawi zambiri amanyamula munthu apimenso wokwera ali kumbuyo, kuti adziwe sitepe ya paulendo wa yekha ndi sitepe ya pamene wasenza. Ulendo woyamba ukhale waufupi ndi wapang'onopang'ono, ndipo manati ayang'anidwenso pakapita masiku ocepa.

Malire a katundu

Nyengo yogulitsa cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa ndi thonje ndiyo imene njinga zimasenzetsedwa kwambiri. N'cimodzimodzinso kumapeto kwa mwezi wa August, pamene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba wa Kalonga Gawa Undi, ndipo oyendetsa njinga amakhala ndi okwera ambiri.

Ma shock olimba sasintha malire a katundu amene opanga njinga anaika. Woyendetsa wolemera makilogalamu 70 akanyamula matumba awiri a makilogalamu 50 lililonse, njinga yasenza kale makilogalamu 170. Sipuling'i yatsopano ingathe kupirira, koma felemu, masipoko, matayala ndi mabuleki ndi zomwe zija.

Katundu womangidwa kumbuyo kwenikweni kwa keliyala amapepuza wilo lakutsogolo, motero njinga imavuta kuongolera pa mcenga ndi pokwera citunda, ndipo usiku nyale imaunika m'mwamba m'malo mounika msewu. Katundu wolemera ayenera kukhala pafupi ndi msana wa woyendetsa.

Kukweza mphete mpaka pamapeto masiku onse nakonso kuli ndi vuto. Njinga yopanda katundu imauma ngati ngolo, ndipo kugunda konse kumafika pa msana wa wokwera. Kwa mai woyembekezera kapena wodwala amene akuthamangira naye ku cipatala, ulendo wotere umakhala wowawa kwambiri.

Zoyenera kupewa ndi kasamalidwe

Shock ya mpweya siyenera kuboola, kuocerera kapena kuponyedwa pamoto, cifukwa ingathe kuphulika. Sipuling'i nayo siyenera kumasulidwa popanda cida coifinyira, popeza ikafwamphuka imavulaza. Kulowetsa zidutswa za labala kapena zitsulo pakati pa mizere ya sipuling'i kumacepetsa kayendedwe kake, ndipo mphamvu ya kugunda imapita ku felemu.

M'nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, matope ouma amakanda kandodo konyezimira ka shock n'kuononga labala yosunga mafuta. Kutsuka ndi madzi pambuyo pa ulendo wa m'matope kumatalikitsa moyo wa shock. Mphete nayo ipukutidwe kuti isagwirane ndi dzimbiri.

Za malamulo

Bungwe la Road Transport and Safety Agency, RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la nambala 11 la caka ca 2002, ndilo limalembetsa njinga zamoto, kupereka ziphaso kwa oyendetsa, ndi kuona ngati zoyenda pamsewu zili bwino. Lamulo limafuna kuti woyendetsa njinga yamoto ndi wokwera kumbuyo avale cisoti coteteza mutu.

Mwini njinga amene alibe zida kapena sanazolowere nchito ya masipanala angacite bwino kupita kwa makanika, koma aonetsetse kuti kutalika kwa ma shock kwapimidwa, kutsika kwa njinga kwalinganizidwa iye atakhalapo, ndiponso cheni ndi buleki zayang'anidwa njinga isanabwerere pamsewu.