Steffi Graf ndi zikho zisanu za 1988

Tenisi inayambira ku France zaka mazana ambiri zapitazo, anthu akumenya mpira ndi chikhatho m'mabwalo otchingidwa ndi makoma. Raketi inabwera pambuyo pake. Angelezi ndiwo anaitulutsira pa kapinga m'zaka za m'ma 1870, ndipo mpikisano wa Wimbledon unayamba mu 1877. Ajeremani sanachedwe kuilowa, koma ulemerero wawo unali wa apo ndi apo. Cilly Aussem anatenga zikho za ku Paris ndi ku Wimbledon mu 1931. Gottfried von Cramm anapambana ku Paris mu 1934 ndi 1936, nagonja katatu motsatizana mu ndime yomaliza ya Wimbledon, boma la Nazi lisanamutsekere m'ndende mu 1938. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, panadutsa zaka 40 popanda Mjeremani wotenga chikho chachikulu pa mpikisano wa osewera mmodzimmodzi.

Amene anathetsa chilalachi anali ana awiri a dera limodzi, kufupi ndi mzinda wa Heidelberg. Boris Becker wa ku Leimen anatenga Wimbledon mu 1985 ali ndi zaka 17, ndipo dziko lonse la West Germany linapenga naye. Phokoso lili mkati, mtsikana wa ku Brühl, yemwe ali mwana ankaphunzira nawo pa bwalo lomwelo la ku Leimen, ankakwera mwakachetechete.

Stefanie Graf anabadwa pa 14 June 1969 ku Mannheim. Bambo ake, a Peter Graf, ankagulitsa magalimoto ndi inshuwalansi, ndipo anayamba kumuphunzitsa tenisi pabalaza ndi raketi yodula chigwiriro, mwanayo asanayambe n'komwe sukulu. Mu 1982, ali ndi zaka 13, analowa tenisi ya akatswiri, ndipo pa masewero ake oyamba ku Filderstadt Tracy Austin anamukwapula 6-4, 6-0. Chikho choyamba chinadza mu April 1986 ku Hilton Head, atagonjetsa Chris Evert. Mu 1987 anatenga chikho cha ku Paris m'manja mwa Martina Navratilova, ndipo mu August chaka chomwecho anakhala nambala wani pa dziko lonse.

Komabe unambala wani umenewo unali ndi chilema. M'chaka chonse cha 1987 Graf anagonja kawiri kokha, koma kawiri konseko anagonja kwa Navratilova, mu ndime zomaliza za Wimbledon ndi US Open. Pepala linkati Graf ndiye mfumukazi, bwalo linkanena zina.

Ndiyetu 1988 inafika.

Mu January ku Melbourne mpikisano wa Australian Open unali utangosamuka pa kapinga kupita pa bwalo latsopano lolimba pansi, lokhala ndi denga lotseguka ndi kutsekeka. Mvula itagwa pa tsiku la ndime yomaliza, anatseka dengalo, ndipo Graf anagonjetsa Evert 6-1, 7-6. Mu June ku Paris, pa dothi lofiira, anakumana ndi Natasha Zvereva wa ku Soviet Union, mtsikana wa zaka 17 yemwe anali atatulutsa Navratilova mu mpikisanowo. Zimene zinachitika n'zomvetsa chisoni kuzikumbukira: 6-0, 6-0, masewero onse osakwana n'komwe mphindi 40. Anthu amene anagula matikiti a ndime yomaliza anangopenya, chikho chaperekedwa.

Ambiri akamakamba za chakachi amathamangira ku 6-0, 6-0 ya ku Paris kapena ku mendulo ya ku Seoul. Koma chaka cha 1988 chinagamulidwa ku Wimbledon, mu seti yachiwiri ya ndime yomaliza.

Navratilova anali atatenga Wimbledon zaka 6 motsatizana, kuyambira 1982. Anali wamanzere, ndipo njira yake pa kapinga inali yodziwika kwa aliyense ngakhale panalibe woiletsa: kumenya mpira woyambira wokhotera kunja, kuthamangira ku neti, n'kumaliza mpira usanagunde pansi. Mpira wa wamanzere wotere umagwera ku mbali ya kumanzere kwa wosewera wa dzanja lamanja, ndipo kumeneko ndiko kunali kofooka kwa Graf. Mphamvu zake zonse zinali kumanja, kumene ankamenya mochedwerako pang'ono, chigongono chili pafupi ndi thupi, mpira n'kuchoka ngati chipolopolo. Kumanzere ankangoudula mpira kuti uyende chokwawa, ndipo mpira wotere munthu woima pa neti amaulandira bwino.

Seti yoyamba inapita kwa Navratilova, 7-5. Yachiwiri inayamba 2-0, iye yemweyo akutsogola. Aliyense amene anaonera za 1987 ankadziwa mathero a nkhaniyi. Apa Graf anasintha. Anasiya kudikira, nayamba kubweza mipira yoyambira ya Navratilova mwamphamvu, ina yogwera kumapazi kwake akuthamangira ku neti, ina yomudutsa m'mbali, ndipo ina inkachokera kumanzere komwe kuja kumene ankayesedwa wofooka. Pa magemu 13 otsiriza anatengapo 12. Zinathera 5-7, 6-2, 6-1. Navratilova sanadwale, sanavulale, ndipo sanali atatha ntchito, poti mu 1990 anadzatenganso Wimbledon kachisanu ndi chinayi. Anangogonja kwa mtsikana wa zaka 19 amene anapeza yankho masewero ali mkati, zinthu zili kumuipira.

Zotsalazo zinali za kupirira. Mu September ku New York anagonjetsa Gabriela Sabatini wa ku Argentina 6-3, 3-6, 6-1, ndipo Sabatini sanali wopepuka, chifukwa anali atamugonjetsa kawiri chaka chomwecho. Potero Graf anakhala mayi wachitatu kutenga zikho zinayi zikuluzikulu m'chaka chimodzi, pambuyo pa Maureen Connolly mu 1953 ndi Margaret Court mu 1970. Koma anzakewo anasewera mipikisano itatu pa kapinga ndi umodzi pa dothi, pamene iye anafunika kupambana pa dothi, pa kapinga ndi pa mabwalo olimba awiri osiyana. Patangotha masabata atatu anali ku Seoul, kumene tenisi inabwerera m'masewero a Olympics ngati mpikisano wa mamendulo koyamba chichokereni 1924. Anakumananso ndi Sabatini, namugonjetsa 6-3, 6-3, n'kuvala mendulo ya golide.

Nanga ulemu upite kwa yani? Nkhani zambiri zimaupereka kwa bambo ake. N'zoona kuti a Peter Graf ndiwo anamugwiritsa raketi ndipo anamuteteza kuti asasewere mipikisano yambiri ali wamng'ono, zimene zinaononga matupi a atsikana ena a nthawi imeneyo. Koma bambo omwewo anadzakhala katundu wolemera pa mutu wa mwana wawo. Anamangidwa mu 1995 pa mlandu wozemba msonkho wa ndalama zimene Steffi ankapata, ndipo mu 1997 khoti linawalamula kukhala m'ndende zaka zitatu ndi miyezi 9. Pavel Složil wa ku Czechoslovakia, mphunzitsi amene ankayenda naye m'zaka za 1987 ndi 1988, satchulidwa mokwanira. Ndipo woyenera kutchulidwa koposa ndi Navratilova mwini wake. Iye ndiye anabweretsa kunyamula zitsulo, kudya mosamala ndi kulimbitsa thupi mu tenisi ya amayi, nakweza muyeso kufika poti wofuna kumuchotsa anafunika kukhala ndi liwiro la wothamanga weniweni. Miyendo ya Graf inali yankho ku funso limene Navratilova anafunsa.

Pali nkhani ina imene okonda Graf sayenera kuizemba. Monica Seles anamulanda unambala wani mu 1991, ndipo pofika January 1993 anali atatenga zikho zikuluzikulu 8 asanakwanitse zaka 20. Pa 30 April 1993 ku Hamburg, mwamuna wina wotengeka ndi Graf anabaya Seles ndi mpeni kumsana ali chikhalire popumula pakati pa masewero. Seles anakhala kunja kwa bwalo zaka zoposa ziwiri. Mwa zikho zikuluzikulu 22 za Graf, 11 zinadza pambuyo pa tsikulo. Graf analibe mlandu uliwonse pa nkhanzayi, koma n'chilungamo kunena kuti chiwerengerocho chikanatha kuchepa Seles akanapanda kubayidwa. N'chifukwa chake 1988 ndiyo mboni yabwino ya ukatswiri wake kuposa nambala 22, poti chaka chimenecho Evert, Navratilova ndi Sabatini onse analipo pa bwalo.

Zaka zotsiriza zinali za msana ndi bondo. Mu 1997 Amanda Coetzer wa ku South Africa anamutulutsa ku Melbourne ndi ku Paris, ndipo ku Berlin anamuchapa 6-0, 6-1 pamaso pa anthu akwawo. Atachitidwa opaleshoni ya bondo, ambiri anamuwerengera kuti watha. Koma mu 1999 ku Paris anagonjetsa Lindsay Davenport, Seles ndi Martina Hingis, osewera atatu apamwamba pa dziko lonse, mu mpikisano umodzi. Mu August chaka chomwecho anasiya tenisi ali ndi zaka 30, ali nambala 3, atatenga zikho 107 ndi kukhala nambala wani masabata 377. Mu 2001 anakwatiwa ndi Andre Agassi ku Las Vegas.

Chichokereni 1988, zikho zisanu zimenezi m'chaka chimodzi anazitengapo ndi Diede de Groot ndi Dylan Alcott, mu 2021, pa tenisi ya anthu aulumali oyendera njinga. Kwa ena onse khomo likadali lotseka. Serena Williams anatenga zitatu zoyamba mu 2015, Roberta Vinci n'kumutulutsa ku New York. Novak Djokovic anafika ku Tokyo mu 2021 ali ndi zitatu m'manja, akufuna zonse zisanu, ndipo amene anamuimitsa panjira yopita ku mendulo ya golide anali Mjeremani, Alexander Zverev.