J. R. R. Tolkien, Mmisiri Wopeka Zinenero

Kuno kwa Mwadzama asodzi amadziwa mphepo iliyonse ndi dzina lake: mwera, mpoto, vuma. Palibe angaloze amene anapeka mainawa, tinawapeza, tidzawasiya. Komabe mbiri imatiuza za munthu amene anakhala pansi n'kupeka zinenero zathunthu, natchuka nazo pa dziko lonse.

John Ronald Reuel Tolkien anabadwira ku Bloemfontein, m'dziko la South Africa, pa 3 Januwale 1892, koma anakulira ku Mangalande. Mai ake analowa Chikatolika mu 1900, ndipo iwo atamwalira mu 1904, mwanayo anatsala m'manja mwa wansembe, Bambo Francis Morgan a ku Birmingham. Atakula anathandiza nawo kulemba Oxford English Dictionary, anaphunzitsa ku Leeds, ndipo mu 1925 anakhala pulofesa wa Chingerezi chakale ku Oxford.

Poyera ntchito yake inali yolondola mizu ya mau. Kuseri ankapeka zinenero zakezake. Zazikulu ndi ziwiri: Quenya, chimene kamvekedwe kake anatengera ku chinenero cha ku Finland, ndi Sindarin, chotsamira pa cha ku Wales. Sanangounjika mau ai, koma anakonzanso malamulo ake, zilembo zake, ngakhalenso mmene mauwo anasinthira mibadwo ikamapita. Mapemphero a Atate Athu ndi Tikuoneni Maria anawamasulira mu Quenya.

Pogwira ntchitoyi anazindikira kuti chinenero chopanda eni ake ndi mbiri yao n'chakufa. Chitsanzo chimodzi chimene anapereka ndi Volapük, chinenero chimene wansembe wa ku Germany, Johann Martin Schleyer, anapeka mu 1879, chimene chinafota patangopita zaka zowerengeka. Tolkien anati chinasowa nthano. Nchifukwa chake iye anapeka dziko, mafuko ndi nkhondo zao, kuti zinenero zake zipeze mudzi wokhalamo. Umu ndi mmene linabadwira buku la The Lord of the Rings, lotuluka mu 1954 ndi 1955. Mwini wake anamwalira mu 1973, ndipo mwana wake Christopher anatulutsa The Silmarillion mu 1977. Pambuyo pake luso limeneli linasanduka ntchito yolipidwa: Marc Okrand anakonza Klingon mu 1984, ndipo David Peterson anakonza Dothraki ya sewero la Game of Thrones limene linayamba mu 2011.

Chimene Tolkien anavutikira zaka zoposa 50, gogo wa kwa Mwadzama ali nacho kale: chinenero chokhala ndi nthano, miyambi ndi makolo ake. Ife amene tinathera zaka pa Chilatini ndi Chingerezi tidzifunse ngati timadziwa mau a msodzi amene tidzamulalikira. Gogoyo akatsikira kuli chete tisanakhale naye pansi ndi cholembera, mau ake sitidzawapezanso m'buku lililonse.