Katapidwe ka mafunde m'makina a MRI

Katapidwe ka mafunde ndi njira imene makina a MRI amayezera mafunde ochokera m'thupi la munthu n'kuwasandutsa manambala amene kompyuta imapangira chithunzi. Njira imene yasankhidwa imakhudza kaonekedwe ka chithunzicho komanso nthawi imene wodwala amakhala m'makinamo osagwedezeka.

Mmene zimachitikira

M'kati mwa maginito amphamvu, mapulotoni a haidrojeni wa m'madzi ndi m'mafuta a m'thupi amatulutsa mafunde akawombedwa ndi mafunde a wailesi. Pa maginito a 1.5 tesla, mafundewa amabwereza maulendo pafupifupi 64 miliyoni pa sekondi. Koyilo imawalandira, ndipo kachipangizo kotchedwa ADC kamawayeza pafupipafupi. Manambala otulukawo amaikidwa mu tebulo lotchedwa k-space. Apakati pa tebuloli amasonyeza kusiyana kwa kuwala kwa ziwalo, pomwe akumphepete amasonyeza malire ndi tinthu ting'onoting'ono. Masamu a Fourier ndi amene amasandutsa tebuloli kukhala chithunzi.

Lamulo la Nyquist limati kuyezako kuzichitika mofulumira kuposa kawiri liwiro la mafunde othamanga kwambiri amene akusungidwa. Miyezo ikatalikirana kwambiri, chithunzi chimapindika: mphuno ikhoza kuonekera kunkhongo, n'kuphimba malo amene dokotala akufuna kuona.

Njira zikuluzikulu

Njira yofala ndi yodzaza k-space mzere umodziumodzi. Inakhazikika ndi ntchito ya akatswiri a ku Aberdeen mu 1980. Imapereka zithunzi zodalirika koma imachedwa.

Njira ina imayeza mizere yodutsa pakati pa tebulo ngati masipoko a njinga. Poti pakati pamayezedwa mobwerezabwereza, chithunzi sichiwonongeka kwambiri wodwala akapuma kapena kusuntha.

Mu 1977, Peter Mansfield wa ku Nottingham anafotokoza njira ya EPI, yomwe imadzaza tebulo lonse pakawombedwa mafunde kamodzi kokha. Imagwiritsidwa ntchito kwambiri pojambula ubongo. Mansfield ndi Paul Lauterbur analandira mphoto ya Nobel mu 2003.

Kuchepetsa nthawi

Njira za SENSE ya mu 1999 ndi GRAPPA ya mu 2002 zimadumpha mizere ina mwadala, kenako zimakonza chithunzi pogwiritsa ntchito makoyilo angapo olandira nthawi imodzi. Mu 2007, Michael Lustig, David Donoho ndi John Pauly a ku Stanford anasonyeza kuti miyezo yochepa yotengedwa mwapatalipatali mosatsata dongosolo ingakwanire kupanga chithunzi chabwino. Komabe kudumpha mizere yambiri kumachulukitsa timadontho tosokoneza pa chithunzi.